Mpando wa malemu

Kafupi, mnyamata womata matayala, atangotenga laisensi anagula galimoto yakalekale ya ku Mangalande, yobiriwira, yonunkha chikopa ndi fodya. Anaigula kwa mayi wina wamasiye. Pomupatsa makiyi, mayiyo anati, "Malemu amuna anga ankaikonda kuposa ine, mwanangu."

Galimotoyo inkayenda ngati yatsopano. Vuto linali mpando wa dalaivala. M'mawa uliwonse Kafupi ankaupeza utabwerera kumbuyo, mapazi ake osafika pa mabuleki. Anzake ankangomuseka kuti, "Uyambe wakula kaye, aise!"

Zitamukwana, anakauwotcherera kuti usasunthenso. Kutacha, mpando unali pomwepo, koma galasi loonera kumbuyo linali litakwezedwa, khushoni ili yofunda ngati munthu wangodzukapo kumene.

Masana omwewo anabwerera nayo kwa mayi uja. Asanazimitse n'komwe injini, mayiyo anatuluka akupukuta manja, n'kutsegula chitseko cha dalaivala. Koma mayiyo sanamuyang'ane Kafupi. Maso ake anali pamwamba pa mutu wa mnyamatayo, akumwetulira.

"Ndinadziwa kuti simukakhalitsa, bambo," anatero mayiyo. "Tsikani, madzi osamba ndatenthetsa kale."