Mabuku Atatu a Bambo Kenani

A Lenard Kenani anabwera ku Perth, ku Western Australia, kudzagwira ntchito yofufuza miyala. Ndege inkawatengera kumigodi ya kumpoto, kudziko la fumbi lofiira, n'kuwabweza ku Balga, dera la mu Perth, kwa akazi awo, a Olipa, pakatha masabata angapo. Fumbilo ndi lomwe linawayambitsa kulemba nkhani zopeka za m'tsogolo. Buku lawo loyamba linali la alimi a ku Dowa opita kukadzala mtedza ku Mars. Analilemba m'Chichewa n'kulisindikiza okha. Anzawo a kutchalitchi ankalilandira ndi manja awiri, koma akawafunsa za m'katimo ankangoyamikira chikuto.

Lachiwiri linkanena za mzinda womwe unatseka zipata chifukwa cha chifuwa chachilendo. Linakhala m'makatoni m'galaja mpaka 2020, malire a Western Australia atatsekedwa chifukwa cha mliri. Wina anajambula tsamba limodzi n'kuponya pa gulu la WhatsApp la Amalawi, ndipo foni ya a Lenard inayamba kulira kosalekeza. Anthu ankawatcha mneneri. Mayi wina wa ku Bentley anawapempha amuonere ngati visa ya mwana wake idzatuluka.

Zinawapweteka. A Olipa, omwe masiku amenewo ankaweruka kuchipatala ku Fremantle masaya atalembeka ndi masiki, anawauza kuti angosangalala poti makatoni akutha.

"Akugula, koma sakuwerenga," anatero a Lenard. "Akufunamo tsiku loti ndege ziyambenso kuuluka."

Chaka chotsatira mayi awo a Lenard anamwalira ku Mponela, njira yopitira kulibe. Maliro anaonera kudzera pa foni ya mphwawo wa kumudzi, ndipo netiweki inathawa bokosi lisanatsitsidwe. Anakhala miyezi osalemba.

Atayambanso, analemba za mmisiri wa m'chombo chopita kutali mumlengalenga, amene uthenga wa imfa ya mayi ake unamupeza patapita zaka, kumudzi atapukuta kale misozi. Munalibe ulosi m'bukuli, choncho gulu lija silinalilabadire.

Loweruka lina pamsika wa ku Fremantle anaimitsidwa ndi Philomena, mayi wa ku Zambia wosamalira okalamba. Anati buku la mmisiri uja analiwerenga kawiri, chifukwa nayenso bambo ake anaikidwa ku Chipata iye ali kuno.

"Ba Kenani, uja munthu wanu azabwelela kunyumba?"

Anamuyankha moona kuti sakudziwa. Anamugulira khofi, nakhala pabenchi kukambirana za mmisiriyo mpaka a Olipa anawaimbira kufunsa za nsomba zomwe anawatuma. A Lenard akugwirabe ntchito kumigodi, ndipo buku lachinayi ali nalo pakati.