Ndaphwanya uvuni wakale wa kubwinja

Abale, mwaswera. Lero ndachita zamanyazi.

Azakhali a Luwiza akundiphunzitsa kuumba uvuni wophikira pau, buledi uja, kuno ku Malowera. M'mawa anandiuza kuti, "Mwanangu, dothi la pachulu lokha limang'aluka. Kasinje mapale tisakanize." Ine ulesi wopempha mapale khomo ndi khomo, ndinangopita kubwinja n'kuphwanya chiuvuni chakale cha kumeneko ndi nkhwangwa, zibenthu n'kubwera nazo m'thumba.

Nditakhuthula thumba, azakhali anatola chibenthu chimodzi n'kukhala pansi. Pachibenthupo panali chidindo cha kadzanja ka mwana, tizala tonse tisanu tikuoneka.

Akuti uvuniwo anaumba okha nthawi ya nkhondo ya Apwitikizi, ndipo mwana wawo woyamba, Joze, anadindapo dzanja dothi lisanaume. Mudzi utatenthedwa, Joze anamwalira m'njira pothawira ku Zambia. Chithunzi chake palibe, manda ake sakuwadziwa. Kumene ndaphwanyako n'kumene amakamuonera.

Akanandikalipira bwenzi zili bwino. Angokulunga chibenthucho m'kapulana, chitenje chawo, n'kunena kuti, "Zotsalazo sinja, dothi likuuma."

Manja akukana. Inu akuluakulu, ndisinje kapena ndikazibweze kubwinja? Nanga munthu amapepesa bwanji zotere?