Chikho Chimodzi cha Mowa wa Dima

Ndivomere poyamba kuti palibe amene anandilodza. Banja langa ndinalipasula ndekha, chifukwa chodziyesa wochira.

Masiku a Chitaganya ndinkagwira ntchito m'migodi ku Joni, ndipo ndinali chidakwa chotheratu. Mnzanga wina wa ku Pembamoyo, dzina lake Yotamu, ndiye ananditengera ku kagulu ka anthu osiya mowa kamene kankakumana Lamlungu lililonse. Tinkangokhala pansi n'kumauzana zoona. Ndinatha zaka ziwiri osalawa ngakhale dontho.

Kontrakiti yanga ili pafupi kutha, tinamva kuti kudzakhala msonkhano waukulu wa anthu onga ife, ochokera m'maiko ambiri, ena kutsidya kwa nyanja. Yotamu anandichonderera kuti ndidikire masabata atatu okha. Ine ndinamuseka. Ndinati wodwala ndiye amapita kuchipatala, nanga ine wochira ndikatayirenji nthawi kumvera manyazi a anthu osawadziwa? Ndinakwera sitima.

Kwathu ku Zingalume ndinali mkamwini, ndiye kuti ndinkakhala pamudzi pa akazi anga, a Nabanda. Amalume awo anandilandira bwino, koma anandiuza mosabisa kuti mwana wawo analira mokwanira ndisanapite ku Joni, ndipo ndikadzangoledzeranso ndidzanyamule zanga. Ndinalumbira ndi mtima wonse.

Inu owerenga a m'tauni mwina simudziwa dima. Udzu ukakula m'munda, mumafulula mowa n'kuitana anthu kudzakuthandizani kupalira, ndipo akaweruka amamwa. Koma mwini munda ndiye amayamba kulawa onse akuona, kuti adziwe kuti mulibe choipa m'mowamo. Zimenezi ndinazidziwa kuyambira ubwana, koma sindinaziganizeko mpaka tsiku la dima m'munda mwathu litafika.

Anthu oposa makumi awiri anakhala pamthunzi, thukuta lili kamukamu, makasu ali pambali. Wina anatunga chikho n'kundipatsa. Ndikakana, anena kuti mkamwini wathira mankhwala. Akazi anga anandiyang'ana. Ndinadziuza kuti kulawa si kumwa.

Ndinadzidzimuka patapita masiku atatu, ndili gone kuseri kwa nyumba ya mayi wina wophika kachasu. Njinga imene ndinabwera nayo ku Joni inali itapita. Anandiuza kuti ndinawamenya a Nabanda pamaso pa ana, koma ine sindikumbukira, ndipo chimenecho ndicho chimandipweteka koposa. Nditafika pamudzi ndinapeza sutikesi yanga ili panja. Amalume aja sanakalipe n'komwe, anangondilozera njira.

Chaka chotsatira ndinakumana ndi Yotamu pa boma pa Chadiza, iye ali wonenepa, ine nditaonda. Ndinamuuza zonse. Iye anati, "Mbale wanga, funso lomwelo linafunsidwa kumsonkhano kuja."

Akuti munthu wina wa ku Mozambiki anaimirira n'kufunsa za kulawa mowa kwa mwini munda. Anthu a mitundu ina anaseka modziwa, chifukwa kwawonso kuli chikho chimene mwambo umakakamiza, kwina paukwati, kwina pamaliro, ngakhale kwa azungu. Mkulu wina amene anatha zaka zambiri osamwa anayankha kuti uziwauziratu anthu tsiku lisanafike, ndipo upemphe mbale wako akulawire. Yotamu anachitadi zimenezo m'munda mwake. Anthu anang'ung'udza pang'ono, n'kumwa. Mpaka lero amalemberana makalata ndi anzake a kumsonkhanoko, ndipo mtima ukamuvuta amakhala ndi wouza.

Kagulu kathu ka m'komponi ya kumigodi kankadziwa mayesero a m'komponi okha. Za kumudzi zinkafunika anthu ambiri amene anabwererapo kwawo n'kugwa, kapena kupulumuka. Yankho langa linali m'kamwa mwa mlendo, ine n'kuthawa masabata atatu.

Inu amene mwasiya mowa, mukamva kuti anzanu akusonkhana, kaya n'kutali bwanji, pitani. Musadikire kuti muyambe mwagwa. Ine ndayesa kusiyanso kanayi, ndekha, ndipo kanayi konse ndalephera. A Nabanda anakwatiwanso ndi munthu wabwino wa mpingo. Mwezi watha mwana wanga wamkazi anandidutsa pamsika atasenza mtedza. Anandigwadira mwaulemu monga amachitira kwa mkulu aliyense, n'kufunsa ngati ndigula.