Mlomo wa Nkhuku Unaima kwa Tu

Tu Chin-fa anagwira ntchito zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri pakampani imodzi mumzinda wa Hsinchu. Kampaniyo inkapanga tiubongo ta makompyuta, tija timaonetsa zithunzi za masewera. Ntchito yake inali kutiyesa: ankatitenthetsa m'makina mpaka tofooka tife, n'kulemba tomwe tapulumuka. Mkazi wake anamwalira kale. Mwana wake anakwatiwa ku Canada, ndipo ankaimba foni pa Chaka Chatsopano pokha.

Mnzake anali mmodzi, Pan Shui-mu. Masana alionse ankadyera limodzi msuzi wa ng'ombe pakalesitilanti kakuseri kwa fakitale. Kenako kampani yatsidya la msewu inatulutsa kaubongo kothamanga kwambiri, kosatentha msanga. Ogula onse anakhamukira kumeneko. Pan naye anawoloka.

"Tiyeni, achimwene, kuno kwatha," anatero Pan.

"Pita iwe, wamapazi opepuka. Uko mdala ngati ine angamuyese mlonda."

Makampani awiriwa ankalondana. Wantchito akaoneka akudya ndi watsidya, ankaitanidwa ku ofesi kukafotokoza chinsinsi chomwe waulula. Ndiye zaka zitatu Tu ankadya yekha. Akakumana ndi Pan pamsewu, ankangogwedezerana mitu.

Miyezi itatu iliyonse atsidya ankalengeza phindu, n'kupachika nsalu yofiira pageti. Kwa Tu ankalengeza kuti aluzanso, mipando yopanda anthu n'kumachuluka.

Linafika phwando lotsekera chaka. Kale kunkakhala matebulo makumi asanu, oimba, ngakhale mphoto ya galimoto. Chaka chimenecho matebulo anali anayi.

Paphwandoli bwana akafuna kuchotsa munthu satchula dzina. Nkhuku yophika yathunthu ikafika, amazunguza galasi loikapo mbale lapakati pa tebulo mpaka mlomo wa nkhukuyo uloze munthuyo. Zaka zonse a Chien, eni kampani, ankaulozetsa kwa iwo eni, anthu n'kuwomba m'manja. Koma ulendo uno a Chien anaitana Tu kuti akhale patebulo lawo, zomwe sizinachitikepo.

"Akukwezani, mdala!" anafuula Kuo Mei-chu, mayi wa pamakina oyandikana ndi ake. "Nanga jekete la maliroli mwavaliranji?"

"Ndi lomwe ndinakwatira nalo, chemwali."

"N'chifukwa chake likulira m'mapewamu."

Anthu anaseka pang'ono. Nkhuku itafika, kuseka kunatha.

A Chien anaika zala pagalasi. Mlomo unawadutsa iwo, unadutsa Mei-chu, unafika pa Tu, koma sunaime. Unazungulira tebulo lonse. A Chien anapukuta thukuta, n'kuyambanso. Anali atagwira ntchito ndi Tu kuyambira kampani ili chipinda chimodzi.

Ulendo wachitatu Tu anatsindika galasi ndi chala. Mlomo unaima pachifuwa pake.

"Bwana, nkhuku ikuzizira," anatero. Anatola mutu wa nkhukuyo ndi timitengo todyera, n'kuuika m'mbale yake.

"Chin-fa, si kufuna kwanga. Zinthu..."

"Ndikudziwa. Zaka zonsezi ndakhala ndikupha tofooka kuti tolimba tigulitsidwe. Idyani."

Tu anadya mutuwo mpaka mafupa. Palibe anawomba m'manja.

Lolemba masana anavala jekete lija, n'kupita kulesitilanti yakuseri kwa fakitale. Anaitanitsa mbale ziwiri za msuzi wa ng'ombe, yachiwiri yothira tsabola wambiri monga ankakondera Pan. Kenako anaimba foni.

"Iwe wamapazi opepuka, andichotsa. Ndilibenso chinsinsi choti undibere. Woloka, msuzi ukudikira."

"Aa, achimwene, pepani zedi! Koma kuno maoda atifika m'khosi, tikudyera pamakina. Mwina mwezi wamawa. Ndikuimbirani."

Tu anaika foni m'thumba. Anadya mbale yake. Kenako anakoka ya Pan n'kuidyanso, ngakhale tsabola sankamukonda. Chakudya chinali chitaphikidwa kale.