Jombo za Ba Lastone

Ku Nangongwe palibe amene anaonapo Ba Lastone atavala nsapato zina. Ngakhale mu Okutobala, phula likunyeka, iwo ndi jombo zawo za kufakitale ya nsalu, kumene anali foromani isanatsekedwe. Anthu ankati ndi matama, bambo akukana kuti ntchito inatha. Sizinali choncho. M'jombo ya kumanzere munali chilonda.

Chinayamba ngati kanthu kachabe, lata litawacheka pamwendo. Kale akanangopita kukiliniki ya kampani, koma nayonso inali itatsekedwa, ndipo kukakhala pamzere wa kuchipatala cha boma ndi anthu amene ankawalamula, ayi. Akazi awo, Ba Felistus, ankachitsuka ndi madzi amchere owiritsa, chitseko chili chotseka, n'kuthira ufa wa makapisozi a pamsika, n'kumanga kachitenge.

"Chisiyeni chipiteko mphepo," ankatero mayiwo. "Mujombo chikuwola."

"Ufuna ntchentche zizinilondola pamsewu?"

Chinapita chaka, chilonda chikungokula. Kutchalitchi anali dikoni, koma likafika Sabata losambitsana mapazi ankadwala malungo. Ulendo wina anasokoneza masabata. Anangoona mabeseni atandandalikidwa, amuna akuvula nsapato, ndipo patsogolo pawo pagwada Obed, amene kale ankasesa m'fakitale, tsopano wogulitsa nsomba za ku Chanyanya.

"Ba foromani, vulani. Kapena masokosi ni obooka?"

Ena anaseka. Ba Lastone anayang'ana kukhomo, koma kutuluka pa mwambowu kukanatanthauza kuti ali ndi tchimo lobisa. Anakoka jombo. Fungo linatuluka lisanaoneke bala, nyimbo ya amene anali pafupi inazilala. Kachitenge kanali katamatirira, konyowa ndi mafinya. Iwo anangoyang'ana m'beseni.

Obed sanasunthe. Anasambitsa phazilo mosamala, madzi osafika pachilondapo, n'kupukuta.

"Ichi si cha pa nyumba, mudala," ananong'ona. "Mwendo uzayenda uyu, azaudula."

Lolemba m'mawa anabwera ndi njinga yake yonyamulira nsomba. Ba Lastone anakwera pakaliya ponunkha mamba, mwendo womangawo uli panja. Pamzere wa kuchipatala anapeza awiri a m'gulu lawo lakale la kufakitale, amene anasendera kuwapatsa malo pabenchi. Ba Lastone anakhalapo osadzutsa mutu.