Apongozi Ananditsukira Mbale

Banja langa linatha chifukwa cha mbale zinayi. Sindikunena mbale zodyera ayi, koma zakuda zija za nyimbo, zimene makolo ankaimba pa galamafoni. Mukafuna kuseka sekani, a ku Mitundu anaseka kale mpaka anatopa. Koma inu owerenga, makamaka amene muli pa chikamwini, mumve mmene zinayendera.

Sukulu ndinalekezera Fomu 2. Musandifunse chifukwa. Ndinaphunzira kukonza mawailesi ndi mafoni, n'kupeza kabenchi pamsika wa Mitundu. Tsiku lina mkulu wina amene kale ankaphikira bwana wa pa esiteti ya fodya anabwera ndi makina oimbira mbale, akuti bwanayo anamusiyira pochoka. Iye analibe nawo ntchito, ankafuna kawailesi. Tinasinthana. Pansi pa chivundikiro panali mbale imodzi.

Inali ya gulu lina la ku Mangalande, la kale ine ndisanabadwe. Nyimbo za mtundu umenewo eni ake amati nyu wevu. Ng'oma imagunda ngati chigayo, kiyibodi ikulira pamwamba, woimbayo mawu ake ngati wadwala chimfine. Chingerezi chake ndinkangotolapo apa ndi apo. Koma nditakonza makinawo n'kutsitsa singano, ndinakhala duu mpaka mbali yonse inatha. Anzanga a m'kalasi anali ku makoleji, ine ndikupuma utsi wa mawaya. Apa ndinali nditapeza chinthu chimene iwo sankachidziwa.

Kenako ndinawerenga pa foni kuti chimbale chomwecho chinadindidwa m'mayiko angapo, ndipo kuli anthu amene amatolera. Nyimbo ndi zomwezo, koma kapepala kozungulira ka pakati kamasiyana, kamvekedwe nakonso kamasiyana. Matenda anandilowa. Yachiwiri ndinaifukula mu mulu wa mabuku akale ku Lilongwe. Yachitatu inali yodindidwa ku Zimbabwe, ndinaipeza kwa mtchona wina wa ku Nathenje amene anaipachika pakhoma ngati chithunzi. Ndinapalasa njinga kupita kwa mtchonayo mpaka anatopa nane n'kundilola kuitenga. Yachinayi anandibweretsera dalaivala wa thiraki kuchokera ku Joni. Ya ku Zimbabwe inali ndi besi yolemera, yoyamba ija ya ku Mangalande inkamveka mbee. Ndinkazisiyanitsa nditatsinzina.

Nthawi imeneyo ndinali nditakwatira mayi a Tadala, ndikukhala kwawo, mudzi wina njira ya ku Dzalanyama. Apongozi anga aakazi sanandilakwirepo, chilungamo ndinene. Tinkapatsana ulemu wa chipongozi. Tikakumana panjira wina ankapatuka. Polankhula aliyense ankayang'ana kumbali, ndipo nkhani zambiri zinkadzera mwa mkazi wanga. Nkhope yawo sindinkaidziwa bwinobwino.

Akuba atayamba kuthyola mabenchi pamsika, makina ndinakawasungitsa m'golosale ya mnzanga, momwe munali magetsi. Mbale ndinapita nazo kunyumba, m'katoni, pansi pa bedi. Dzinja litatha ndinapeza zachita nkhungu. Ndinkangodandaula kuti mbale zanga zada, ndidzazitsuka ndikapeza mpata. Mbale zotere amapukuta ndi kansalu kofewa, ndipo dzuwa ndi mdani wake. Zimenezi ndinkazidziwa ine ndekha.

Mwezi wa Okutobala mkazi wanga anatulutsa katundu yense pakhonde kuti azire m'nyumba. Atamaliza anabereka mwana kupita kusikelo. Asananyamuke, apongozi anafunsa za katoniyo, iye anayankha kuti ndi mbale za bambo a Tadala, akuti zada.

Ndinafika masana, dzuwa lili pamutu. Pathandala, pakati pa mapoto ndi makapu, panali mbale zanga zonse. Apongozi anazitsuka ndi sopo, pamene nkhungu inakanirira anakwecha ndi chitsononkho, kenako anaziyanika. Zinali zitapindika ngati masamba a fodya wouma. Timapepala ta pakati tinali titanyowa n'kumatuka, moti sindikanadziwanso kuti ya ku Joni ndi iti, ya ku Zimbabwe ndi iti.

Apongozi anali patsinde pa mtengo wa mango, akusenda mtedza ndi amayi ena. Ndinapita pomwepo, ndinaima patsogolo pawo, ndinawayang'ana m'maso.

"Iwe, wachita chiyani?"

Manja onse anasiya mtedza. Apongozi anakweza chitenje kukamwa, n'kufunsa motsitsa mawu.

"Mwati ndani, bambo?"

Inu owerenga, funso limenelo linali khomo. Ndikanangoti pakamwa paterereka, nkhani ikanathera pa nkhuku imodzi. Koma ndinabwereza iwe yemweyo, n'kuwonjezerapo kuti umbuli ndi matenda. Amayi aja ananyamuka mmodzimmodzi. Lisanalowe dzuwa mudzi wonse unali utamva.

Akuchikazi anaitana ankhoswe. Malume anga anabwera kuchokera kwathu ku Nathenje, malume a mkazi wanga anali a pomwepo. Ndinabweretsa mbalezo ngati umboni. Malume a mkazi wanga anatenga imodzi, anaitembenuza uku ndi uku.

"Akamwini, tithandizeni. Zonsezi nyimbo zake n'zimodzi?"

Ndinavomera.

"Ndiye zinayi? Munthu amasunga atambala anayi kuti kuche kanayi?"

Anthu anaseka, mpaka malume anga anabisa nkhope. Chigamulo chinali chapafupi: ndigwade, ndipepese kwa apongozi, ndipereke nkhuku. Ndinati ndigwada akayamba iwowo kupepesa. Malume anga ananditsina pantchafu, akunong'ona kuti mphwanga, pano si pakwanu. Sindinamve. Ndinamanga zovala ndi katoni yanga panjinga, ndinauza mkazi wanga kuti akandifuna andipeza ku Nathenje. Iye anangoima pakhomo, mwana ali kumsana.

Ndinkayembekeza kuti aimba foni. Sanaimbe. Mvula inagwa, anthu anadzala, munda umene ndinkalima ine analima achimwene ake. Pamsika ndinasiya kupitako chifukwa aliyense wodutsa ankafunsa ngati mbale zauma. Ndinayesa kuziwongola pozipsinja ndi njerwa. Nditakatenga makina aja n'kuziyesa, singano inkangodumpha ngati njinga pamsewu wa mabampu.

Chimanga chitacha m'pamene ndinagula nkhuku, n'kupita ndi malume. Ndinagwada. Apongozi analandira, akuyang'ana kumbali monga kale. Anati iwo anakhululuka tsiku lomwelo, ndipo anatsuka mbalezo poona kuti mkamwini wawo amabwera atatopa. Mawu amenewo anandipweteka kuposa kutukwanidwa.

Ndinaganiza kuti zatha. Koma mkazi wanga anatuluka m'nyumba, anakhala pamphasa, analankhula pamaso pa ankhoswe onse.

"Mayi akhululuka, ndi mtima wawo. Ine ayi. Nyimbo zimene munanyozera mayi angazo, ine sindinazimvepo ngakhale imodzi. Ndinkasesa pansi pa bedi osadziwa kuti ndikusesa chiyani. Ndikafunsa munkati sindingazimvetse. Kenako munanyamula katoni, mwana n'kumusiya."

Ndinafuna kutsutsa, koma panalibe bodza. Ankhoswe anayesa, iye anakana. Ndinabwerera ku Nathenje pa njinga yomweyo. Pano ndinayambanso kupita kumsika, ndipo Tadala ndimamuona pa masiku a msika, mayi ake akamubweretsa. Mwanayo amandipatsa moni wa mlendo.

Malangizo ambiri ndilibe, sindine m'busa. Kutolera mbale si tchimo, ndipo mpaka lero ndikamva nyimbo zija pa foni mtima umagunda. Koma ngati muli ndi chinthu chimene mumachikonda, chionetseni kwa amene mumagona nawo nyumba imodzi. Auzeni kagwiridwe kake, auzeni chimene chimachiononga. Mukachibisa poganiza kuti iwo ndi mbuli, tsiku lina adzachisamala mmene akudziwira, ndipo wolakwa mudzakhala inu. Ndipo mkulu akakufunsani kuti mwati ndani, sikuti sanamve. Akukupatsani mpata. Utengeni pomwepo, chifukwa nkhuku yochedwa apongozi amalandira, koma mkazi sabwera nayo.