Vinyo wa M'galaja la Aneba

Ndinadandaula kwa oyang'anira nyumba yosamalira okalamba koyamba Lolemba lotsatira Pasaka, kachiwiri kumayambiriro kwa Juni, kachitatu masamba atayamba kufiira. Makalata onsewo ndinasunga, pamodzi ndi yankho limodzi lokha limene ndinalandira, lonena kuti nkhaniyi akuiona.

Nkhani yake ndi ya aneba anga kuno kutsidya kwa nyanja, mumzinda wa Oshawa, mkulu wochokera ku Italy, chigawo cha Abruzzo. Anagwira ntchito kufakitale ya magalimoto mpaka kupuma. Chaka chilichonse mu Okutobala ankagula mabokosi a mphesa n'kupanga vinyo m'galaja mwawo. Ine sindimwa, ndine mkulu wa mpingo. Koma manja awo atayamba kunjenjemera, ndine ndinkapukusa chofinyira, iwo ali pampando kundikalipira kuti ndikuthamanga. Ankanditchula abusa, ngakhale ndinawauza kambirimbiri kuti sindinadzozedwe.

M'galajamo ndi mmene ndinadziwira kuti vinyo wofiira si mtundu umodzi. Mphesa ya kwawo ndi Montepulciano, yakuda bii, yosachoka msanga m'zala. Sangiovese ndi ya ku Toscana, ndipo ankaivomera monyinyirika. Nebbiolo imalimidwa kumpoto, kumapiri a nkhungu, koma vinyo wake ankati ndi wa maloya. Sindinkawatsutsa. Inenso munthu akandiphikira mpunga wina n'kunena kuti ndi kilombero, ndimamugwira ndi fungo lokha.

Akazi awo atamwalira, mwana wawo wamkazi wa ku Markham anawapezera malo kunyumba yosamalira okalamba. Dokotala analola kapu imodzi yaing'ono ya vinyo pa chakudya chamadzulo. Oyang'anira nyumbayo sanakane, koma anati vinyoyo akhale wa m'botolo lomata la kusitolo, poti wa m'galaja sakudziwa ukali wake. Anawagulira wofiira wina wotsekemera. Aneba ananunkhiza, n'kukankha kapu ndi mbale yomwe.

Amene anandiuza ndi mayi wina wa ku Chipata amene amawasamalira. Anandiimitsa pakhonde n'kuti, "Atate, aneba anu sakudya. Lamba tabowolanso kachiwiri."

Tsiku lomwelo ndinalowa m'sitolo ya mowa koyamba m'moyo wanga, chipewa nditatsitsira kumaso, kuopa kukumana ndi wa kumpingo. Ndinawerenga mabotolo limodzilimodzi mpaka ndinapeza lolembedwa Montepulciano ndi Abruzzo pomwe. Madzulo analawa, kenako anadya theka la chakudya chawo. Ndinaganiza kuti zatheka.

"Mphesa ndi yathu, abusa," anatero. "Koma uyu si wanga. Wanga munafinya ndinu."

Kuyambira pamenepo amadya tsiku lina, tsiku lina ayi. Nyumba yawo ija yagulitsidwa. Mwana wawo, ali ndi misozi, anati vinyo wotsala atayidwe eni atsopano asanalowe. M'malo motaya, ndinanyamula mabotolo aakulu a vinyoyo kupita nawo m'chipinda changa chapansi. Akazi anga anafunsa kuti akhristu akabwera kudzapemphera tidzati chiyani. Ndinati tidzanena zoona, kuti ndi katundu wa munthu.

Ogwira ntchito kunyumba ya okalambayo sindiwaimba mlandu. Amawasambitsa bwino, amawaseketsa, ndipo lamulo sanalipange ndi iwo. Chimene chimandipweteka n'chakuti njira ndinaipereka kale: vinyoyo akamuyeze kwa odziwa, ine ndiperekeza, ukali wake ulembedwe, dokotala aone. Ameneyu ndi vinyo womaliza amene mkuluyu anapanga, ndipo wina sadzapanganso. Lamlungu lililonse ndikalowa m'chipinda chawo amayamba ayang'ana m'manja mwanga, kenako nkhope.

Choncho kwa inu oyang'anira nyumbayo, ndikupempha mwaulemu kuti mundiyankhe molemba: kodi vinyo wa m'galaja angayezedwe ndi kuperekedwa kwa mwini wake, kapu imodzi pa chakudya chamadzulo? Ngati simungalole, mundiuze chifukwa chake, kuti ndikawafotokozere ndekha akadatha kundimva.